Mchere ukasungunuka m'magazi

Mliri wa kolera umene unavuta ku Mozambique kuyambira mu Sepitembala 2022 unayambira m'boma la Lago, m'mphepete mwa nyanja ku Niassa. Wodwala kolera amataya madzi ndi mchere pamodzi, ndipo chomupulumutsa ndi ORS kapena dripi. Koma alipo odwala ena amene mchere wa sodium umatsika m'magazi mwawo asanatsegule m'mimba n'komwe. Iwowa mchere sunatayike ayi, wangosungunuka chifukwa madzi achuluka m'thupi.

Gwero lake ndi homoni ya vasopressin, yochokera mu ubongo, imene imauza impso kuti zisunge madzi. Msodzi wa ku Metangula, m'boma lomwelo la Lago, akatandala padzuwa osamwa kanthu, homoniyi ndiyo imamuteteza: mkodzo umachepa, n'kukhala wachikasu kwambiri. Tsono matenda monga TB, chibayo ndi khansa ya m'mapapo amatha kuchititsa kuti izingotuluka ngakhale thupi lili ndi madzi okwanira. Madokotala William Schwartz ndi Frederic Bartter analongosola vutoli mu 1957.

Mwa munthu wathanzi sodium amakhala pakati pa 135 ndi 145 mmol pa lita. Akatsika kwambiri, mutu umawawa, munthu amasokonezeka, amakomoka kumene.

Tolvaptan, piritsi la kampani ya Otsuka ya ku Japan limene linavomerezedwa ku America mu 2009, limatsekereza homoni ya vasopressin ija pa impso. Wodwala amakodza madzi ambiri, mchere n'kutsala m'thupi. Komatu si mankhwala opatsa munthu kuti akamwere kunyumba. Amayambidwira m'chipatala, magazi akuyezedwa pafupipafupi, chifukwa sodium akakwera mofulumira ubongo umawonongeka. Mu 2013 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjezanso kuti asamwedwe kupitirira masiku 30, poopa kuvulaza chiwindi. Ndipo kwa wodwala kolera, amene thupi lauma kale, piritsili ndi loopsa zedi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti rifampicin, mankhwala odalirika a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya tolvaptan msanga, mphamvu yake n'kuchepa kwambiri. Ndiye kuti wodwala TB wa ku Cóbuè kapena Messumba ku Lago komweko, amene tolvaptan akanamuthandiza, ndi yemweyo amene angamugwire mofooka. Kwa iye madokotala amayamba ndi kuchiza TB yeniyeniyo ndi kuchepetsa madzi akumwa, ndipo akayamba kukomoka amamupatsa dripi ya mchere wambiri, pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa zotsatira za magazi.