Galimoto Yokana Kulira Ikatentha

Pali nthenda ina ya galimoto imene imachititsa mwini wake manyazi koposa zonse. M'mawa kukuzizira, galimoto imalira pongopotoza kiyi kamodzi. Iyenda ulendo wautali, dalaivala naima pomwetsera petulo, nathimitsa injini. Pofuna kunyamuka apotoza kiyi, kungomveka kha! basi. Apotozanso, kuli zii. Anthu ayamba kusonkhana, anyamata ayamba kutchula mtengo wokankhira. Koma pakapita theka la ola, injini itapola, galimoto ija imalira ngati kuti sinalakwe kanthu.

Ambiri zikawaonekera zotere amathamangira kukagula batire yatsopano, ena sitata yatsopano. Ndalama zimapita, nthenda ili pomwepo, pakuti kawirikawiri cholakwa chimakhala m'njira imene magetsi amadzera pochoka ku batire kufikira ku kachipangizo kotchedwa solenoidi.

Chiyambire 1912, pamene Cadillac idatulutsa galimoto yokhala ndi sitata yamagetsi ya Charles Kettering, madalaivala adayamba kupumula ku ntchito yopukusa injini ndi dzanja. Pamsana pa sitata zambiri pamakhala solenoidi, yooneka ngati kachitini. M'kati mwake muli waya wa kopa wokulungidwa mozungulira kachitsulo koyenda. Magetsi ochokera ku kiyi akalowamo, wayayo amasanduka maginito nakoka kachitsulo kaja. Kachitsuloko kamakankha kagiya ka sitata kuti kalume mano a gudumu lalikulu la injini, ndipo nthawi yomweyo kamalumikiza sitata ku batire. Solenoidi ikalephera kukoka, ngakhale batire itadzaza motani, sitata singazungulire.

Tsono kopa ali ndi khalidwe lake: akatentha amakaniza magetsi. Kutentha kukakwera ndi madigiri 100 Celsius, kukanizako kumaonjezeka ndi pafupifupi magawo 40 mwa magawo 100, choncho maginito aja amafooka. Pamwamba pa izi, magetsi opita ku solenoidi amayenda ulendo wozungulira. Achoka ku batire, alowa m'galimoto kukafika ku kiyi, adzera pa switchi yoletsa kuliza injini ili m'giya ngati galimotoyo ili nayo, kenaka natsikira ku sitata pa waya wowonda. Polumikizira paliponse pamene pachita dzimbiri pamataya pang'ono, monga chimanga chopita kuchigayo m'thumba lobooka. Mavoliti 12 a batire akhoza kufika atatsala 9. Solenoidi yozizira imakokabe ndi otsalawo, koma yotentha imakana.

Vutoli lidatchuka kwambiri ku America pa injini za V8 za Chevrolet, zimene sitata yake imakhala pansi, moyandikana ndi mapaipi a ekizozi. Injini ikathimitsidwa, mphepo ndi madzi oziziritsa zimaleka kuyenda, ndipo moto wa mapaipi aja umalowerera m'sitata. Kampani ya Ford, pa galimoto zake zambiri za m'ma 1960 ndi 1970, idachita mwina: solenoidi yolumikiza magetsi idaiika payokha, pakhoma la chipinda cha injini pafupi ndi batire, kutali ndi moto. Amakaniko ataona ubwino wake adayamba kuika solenoidi ya Ford m'galimoto za Chevrolet, osasamala kuti makampani awiriwa ngopikisana kuyambira kale.

Kaikidwe kake nkosavuta, koma kamafuna munthu wodekha. Choyambirira nkuchotsa waya wa batire wopita ku chitsulo cha galimoto, uja wa chizindikiro cha kuchotsera, chifukwa sipanala ikakhudza waya wamoyo ndi chitsulo nthawi imodzi imatentha dzanja, mwinanso kuyatsa galimoto. Solenoidi yatsopano imamangidwa pamalo opalidwa penti, popeza thupi lake liyenera kukhudza chitsulo kuti igwire ntchito. Ili ndi mabawuti aakulu awiri. Pa loyamba pamafikira waya wonenepa wochokera ku batire, pamodzi ndi mawaya ena onse amene kale ankatenga magetsi pa bawuti lalikulu la sitata. Pa lachiwiri pamachokera waya wina wonenepa wopita ku sitata. Waya wowonda wa ku kiyi amachotsedwa pa sitata nkuikidwa pa kabawuti kolembedwa S ka solenoidi yatsopano. Potsiriza, pa sitata pomwepo, bawuti lalikulu limalumikizidwa ndi kabawuti kake ka S pogwiritsa ntchito kawaya kakafupi kapena kachitsulo ka kopa.

Solenoidi yakale sichotsedwa ayi. Ndiyo imakankhabe kagiya kaja. Chasintha nchakuti tsopano ikulandira mphamvu yonse ya batire pa waya wonenepa, ndipo kiyi yatsala ndi ntchito yopepuka yodzutsa solenoidi yozizira ija. Palinso phindu lina: waya wonenepa wodutsa pafupi ndi ekizozi sakhalanso ndi magetsi kupatula pa nthawi yoliza injini.

Eni ake a Volkswagen Beetle, imene inkapangidwanso ku Uitenhage m'dziko la South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, amaidziwa bwino nthenda yomweyi. Batire ili pansi pa mpando wakumbuyo, kiyi ili kutsogolo, sitata ili kumbuyo, choncho magetsi amapita ndi kubwerera utali wonse wa galimoto. Pamenepo kachipangizo kakang'ono kotchedwa relay, koikidwa pafupi ndi sitata, nkokwanira.

Komabe mmisiri wanzeru sathamangira kugula chilichonse asanayeze. Galimoto ikakana ili chitenthere, ayeze mavoliti pa kabawuti ka S mnzake akupotoza kiyi, ndipo ayang'anitsitse mawaya onenepa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: waya wooneka bwino kunja akhoza kukhala wobiriwira ndi dzimbiri m'kati. Ngati sitata ikuzungulira koma mozengereza, imeneyo ndi nthenda ina, mwina yakutha kwa sitata yeniyeniyo, ndipo solenoidi yapadera singaichize. Achenjerenso ndi sitata zing'onozing'ono zamakono zokhala ndi maginito osatha. Zoterezi zimapanga magetsi zikamazungulira, ndipo ndi kawaya kakafupi kaja, kagiya kakhoza kuchedwa kubwerera injini italira kale, nkumakukutika pa mano a gudumu.