"Patupa": mawu amodzi, mavuto awiri a diripi

Azakhali anga ndi namwino ku Croydon, kumwera kwa London. Nditawafunsa mayina a mavuto a diripi m'Chichewa, iwo anandibwezera funso: "Wodwala akati 'patupa', iwe ukamuuza chiyani dokotala?"

Ndinasowa chonena, chifukwa mawuwa akubisa zinthu ziwiri. Kapaipi kakaphonya mtsempha, madzi amathira m'mnofu: pamatupa, pamazizira, khungu limakungika n'kutuwa. Apa namwino amatseka diripi pomwepo, kuchotsa kapaipi ndi kukweza mkono. Koma mtsempha weniweniwo ukapwetekedwa ndi mankhwala, kapaipi kapena tizilombo, pamafiira, pamatentha, kenako mtsemphawo umalimba ngati chingwe. Vuto lachiwirili zipatala zambiri za ku England zimaliyeza ndi muyeso wa VIP, womwe namwino Andrew Jackson anafalitsa mu 1998. Umayambira pa 0 kulekeza pa 5. Ukafika pa 2, kapaipi kamachotsedwa n'kuika kena pamalo ena.

N'chifukwa chake ndikuona kuti womasulira asakhutire ndi "patupa". Afunsenso: "Pakutentha kapena pakuzizira?" Ndipo wodwala akati "pakuwotcha", mawuwo aperekedwe momwemo, msanga, poti mankhwala ena akatayikira m'mnofu amapha khungu.