Galu Wodzikanda ndi Chakudya Chomuyenera

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Iwo ankanena za galu wokumba pansi pamene wanunkhiza mbewa kapena fupa, koma mawuwa akhozanso kunenedwa za galu amene amadzikanda usana ndi usiku mpaka ubweya kuthothoka. Galu wotere sachita masewera ayi. Chilipo chimene chikumudya, ndipo nthawi zina chomudyacho chimachokera m'mbale imene mbuye wake amamuikiramo chakudya.

M'boma la Mzimba galu salandira ulemu umene ng'ombe imalandira, komabe ntchito yake ndi yaikulu. Kuyambira pa boma penipeni kutsikira kum'mwera, ku Edingeni, ku Embangweni, ku Champhira mpaka pa Jenda, ntchewe, monga amamutchulira m'Chitumbuka, ndiye mlonda wa khola ndi nkhokwe. Nyumba zambiri zamalata zimene adamanga anyamata ogwira ntchito ku South Africa zimatsala ndi amayi, ana ndi okalamba, ndipo usiku woyamba kumva mtswatswa wa wakuba ndi galu. Tsono galuyo akagwidwa ndi nthenda ya khungu, nawonda, nayamba kununkha, ambiri amangomupirikitsa pakhomo kapena kumupha kumene poganiza kuti palibenso chochita. Chonsecho matenda ambiri a khungu amachizika.

Mwini galu asafulumire kunena kuti vuto ndi chakudya. Agalu ambiri odzikanda amavutika ndi tizilombo, ndipo woyamba mwa tizilomboti ndi nthata. Galu wowengedwa ndi malovu a nthata amadziluma pamsana, cha kutsinde kwa mchira, ndipo nthata zochepa chabe zimakwanira kumusowetsa tulo. Kachiwiri pali mphere, amene amayamba m'mbali mwa makutu, pazigongono ndi pamimba. Mphere ameneyu amalumphira kwa agalu ena ngakhalenso kwa ana amene amasewera ndi galuyo, choncho pakhomo pamene galu ndi ana akudzikanda limodzi, mlandu si wa chakudya. Palinso nkhupakupa zochokera kukhola, chipere, ndi mphutsi zija zimene zimalowa m'khungu galu akagona pa dothi pamene ntchentche yaikira mazira. Zonsezi ziyambe zathetsedwa ndi mankhwala ochokera kwa alangizi a ziweto, ndipo pogona galu paseseredwe, masaka ake achapidwe ndi madzi otentha. Chizolowezi chopaka galu oilo wakuda wochokera m'galimoto nchoipa kwambiri, pakuti oiloyo amawotcha khungu ndipo galu akamanyambita amadya poizoni. Mankhwala osambitsira ng'ombe nawonso asathiridwe pa galu mongoyerekeza, chifukwa muyeso wa ng'ombe si muyeso wa galu.

Tizilombo tikatha koma khungu nkukhalabe louma, la mamba, ubweya wosawala, pafunika kuyang'ana ngati galuyo akudya zokwanira. Agalu ambiri a m'midzi amakhalira mkute, makoko a m'mphika ndi phala la gaga. Mimba imadzaza ndithu, koma khungu ndi ubweya zimamangidwa ndi zakudya zomanga thupi pamodzi ndi mafuta, ndipo izi m'chimanga ndi zochepa. Nkhani imeneyi ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1920, dokotala wina wa ku America, Joseph Goldberger, ankadyetsa agalu chakudya chochuluka chimanga chonga chimene amphawi a kumeneko ankadya, ndipo agaluwo adadwala nthenda ya zilonda za m'kamwa imene idatchedwa lilime lakuda. M'chaka cha 1937 Conrad Elvehjem adaonetsa kuti mankhwala ake ndi vitamini wotchedwa niacin. Kusowa kwa vitamini yemweyo ndiko kumadzetsa nthenda ya pellagra mwa anthu, imene idasautsa othawa nkhondo a ku Mozambique m'dziko muno mu 1989 ndi 1990. Galu wotere sadawengedwe, ali ndi njala chabe, ndipo kausipa kowiritsa, dzira, kapena zam'kati za chiweto zophika bwino zimamusintha m'masabata ochepa.

Kuwengedwa kwenikweni ndi chinthu china. Thupi la galu, monga la munthu, lili ndi chitetezo cholimbana ndi matenda. Mwa agalu ena chitetezochi chimasokonezeka, nkuyamba kuona chakudya chabwinobwino ngati mdani, ndipo nkhondo yakeyo imaonekera pakhungu. Galuyo amanyambita mapazi, amakhuta nkhope pansi, amakanda m'khwapa ndi m'mphechepeche, makutu amatuluka mafinya onunkha amene amapola nkuyambiranso. Ena amatsegulanso m'mimba kapena kusanza. Chizindikiro chothandiza kwambiri ndi nyengo. Galu amene amadzikanda m'nyengo imodzi yokha, kaya m'dzinja udzu ukamera, nkupeza bwino m'chisanu cha June ndi July, kawirikawiri vuto lake limachokera kunja, ku nthata kapena ku zomera. Amene amadzikanda chaka chonse mosapumira ndiye woyenera kukayikiridwa pa chakudya.

Chimene chimadabwitsa eni agalu ambiri nchakuti chakudya chowenga sichikhala chachilendo. Nthawi zambiri ndi chomwe galu wakhala akudya miyezi kapena zaka popanda vuto. Mu 2016 akatswiri atatu a matenda a khungu la ziweto, Ralf Mueller, Thierry Olivry ndi Pascal Prélaud, adasonkhanitsa mbiri za agalu 297 owengedwa ndi chakudya. Mwa agaluwa, 102 ankawengedwa ndi nyama ya ng'ombe, 51 ndi mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka, 45 ndi nkhuku, 38 ndi tirigu, pamene chimanga chidawenga agalu 13 okha, nsomba 5 ndi mpunga 5.

Kwa munthu wa ku Mzimba mawerengerowa ndi ofunika kuwamvetsa bwino. Kuno ndi kwa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kumene ng'ombe ndi chuma, ndipo mwini galu wokonda galu wake amamupatsa amasi otsala kapena zidutswa zogula kumene aphera ng'ombe. Nzomvetsa chisoni kuti zabwino ziwirizi ndizo zili pamwamba pa mndandanda. Komabe agalu a m'kafukufukuyu adali a maiko akutali, kumene ng'ombe, nkhuku ndi tirigu ndizo zimadzaza chakudya cha agalu. Galu amawengedwa ndi chimene amachidya kawirikawiri, kotero galu wa ku Embangweni wokulira nsima, usipa ndi soya akhoza kuwengedwa ndi chimodzi mwa zimenezi. Mndandanda wa kunja ungopereka poyambira, sungaweruze mlandu wa galu wa pakhomo pano. Dziwaninso kuti galu wamkulu wotsegula m'mimba atamwa mkaka wosasasa sikuti wawengedwa, koma kuti mimba yake siyitha kugaya shuga wa mumkakamo.

Nanga chowengacho chimadziwika bwanji? Kuyeza magazi sikupereka yankho lodalirika ngakhale kumaiko olemera. Njira yake ndi imodzi, ndipo yosalira makina. Mwini galu akhale pansi ndi a pabanja pake, atchule zonse zimene galuyo adadyapo. Kenaka asankhe nyama imodzi imene galuyo sanailaweko, pamodzi ndi chakudya chimodzi chokhutitsa chimene sachidya kawirikawiri, ndipo galuyo adye ziwiri zokhazo ndi madzi kwa masabata 8. Akatswiri omwe aja adapeza mu 2015 kuti pofika sabata lachisanu agalu owengedwa oposa 80 pa 100 alionse amakhala atapeza bwino, ndipo pofika sabata lachisanu ndi chitatu amapitirira 90 pa 100. Wosiya pa sabata lachiwiri chifukwa sakuona kusintha wataya ndalama zake pachabe.

Zosankha zilipo kum'mwera kwa Mzimba. Pa nyama pali kalulu, bakha kapena nkhumba. Mbuzi ndiyo yosavuta kupeza, koma popeza mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe ndi ziweto zapachibale, galu wowengedwa ndi ng'ombe nthawi zina amawengedwanso ndi mbuzi. Pa chokhutitsa pali mbatata, mbatatesi zimene zimadzaza m'mbali mwa msewu pa Jenda, mpunga kapena maungu. Chinangwa chikhale chozuna ndi chophika bwino, chifukwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo mbatatesi zobiriwira kapena zophuka zitayidwe. Muyeso wogwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi gawo limodzi la nyama pa magawo awiri a chokhutitsa, zowiritsa m'madzi, popanda mchere, mafuta ophikira kapena zokometsera. Nyama ya nkhumba ndi zam'kati zonse zipse kwenikweni kuti njoka za m'mimba zife. Nkwanzeru kuyamba ntchitoyi nthawi yokolola, mbatata zikadali zotsika mtengo, pakuti masabata 8 a nyama si ndalama zochepa ndipo banja liyenera kuwerengeratu.

Chovuta chachikulu si mtengo koma miyendo ya galu. Galu wa m'mudzi amadya makomo asanu pa tsiku, amapita kudzala, amatsata anyamata kubusa, ndipo pa boma amazungulira msika ndi malo owotchera nyama. Chidutswa chimodzi cha chiwamba kapena mbamu imodzi ya nsima yoponyedwa ndi mwana wachifundo ikhoza kufafaniza ntchito ya mwezi wathunthu. Choncho galu asungidwe mumpanda kapena amangidwe ndi chingwe chachitali pamthunzi, madzi ali pafupi, ndipo aziyendetsedwa m'mawa ndi madzulo. Ana ndi agogo omwe auzidwe chifukwa chake, popeza iwo ndiwo amene mtima sulola kuti galu aziwayang'ana akudya. Mwana wa sukulu akhoza kupatsidwa kope kuti azilembamo Loweruka lililonse mmene galu akudzikandira ndi mmene makutu akuonekera.

Galu akachira ntchito sinathe. Mwina wachira chifukwa nyengo yasintha kapena nthata zatha. Kuti zitsimikizike, apatsidwenso chakudya chake chakale. Ngati chidali chomuwenga, kudzikanda kumabwerera m'masiku ochepa, kawirikawiri masabata awiri asanathe. Pamenepo abwezedwe pa chakudya chatsopano chija mpaka khungu litakhala bwino, kenaka zakudya zakale zibwezedwe chimodzichimodzi, chilichonse kwa masabata awiri: chimanga pachokha, usipa paokha, amasi paokha. Chimene chadzutsa ziwengo chasiyidwa moyo wake wonse, ndipo zotsalazo adye mwaufulu. Kubwezera zakudyaku nkofunikanso pa chifukwa china: nyama ndi mbatata zokha sizipatsa thupi zonse zofunika, makamaka zolimbitsa mafupa, kotero si chakudya cha zaka. Mwana wa galu amene akukula ndi galu wa bere asayesedwe motere popanda uphungu wa dokotala wa ziweto. Galu amene sanasinthe konse patatha masabata 8 osungidwa bwino, vuto lake si chakudya, ndipo aonedwenso ku ofesi ya ziweto.

Okhala m'tauni amene amagula chakudya cha agalu cha m'matumba awerenge zolembedwa kumbuyo, osati chithunzi cha kutsogolo. Thumba lolembedwa nsomba nthawi zambiri limakhala ndi nkhuku kapena mafuta a ng'ombe, choncho silithandiza pa kuyesa kuja.

Zilipo zina zimene galu aliyense, wowengedwa ndi wosawengedwa yemwe, sayenera kudya. Anyezi ndi adyo amaphwanya magazi a galu ngakhale ataphikidwa, ndipo izi zikutanthauza kuti msuzi wotsala wa ndiwo si mphatso kwa iye. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka nkubaya matumbo. Nyama ya chiweto chofa chokha ndi yokwirira, osati yoponyera agalu. Choopsa koposa ndi chimanga chachuku, chimene ambiri amati anthu sangadye koma galu adya. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Mu August 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, Elijah Muchima, idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa m'mwezi umodzi atadya zakudya za chimanga chokhala ndi poizoniyu. Kuchokera pa Jenda kulowa m'Zambia ndi mtunda woyenda pansi, ndipo chuku chimene chimamera m'nkhokwe ya ku Lundazi ndi chomwecho chimene chimamera m'nkhokwe ya ku Champhira mvula ikadontheramo.