Gulugufe Wovala Malinga ndi Nyengo

Ambiri a ife timamuona koma sitimusamala. Ndi gulugufe wamng'ono wofiirira amene amauluka chapansipansi m'mithunzi ya mitengo, namayamwa madzi a zipatso zakugwa zimene zayamba kuola. Anthu a sayansi amamutcha Bicyclus anynana. Ngakhale ali wonyozeka chotere, dzina lake lamveka m'masukulu aakulu a kutali, ndipo nkhani yake ikhudza dziko lathu lino la Malaŵi.

M'chaka cha 1988 agulugufe aakazi pafupifupi 80 anagwidwa ku Nkhata Bay, natengedwa kunka ku Yunivesite ya Leiden m'dziko la Netherlands, kumene Paul Brakefield ndi anzake anayamba kuwaŵeta. Zidzukulu za agulugufe amenewo ndizo zatiphunzitsa zambiri za m'mene nyengo imaumbira thupi la kanthu kamoyo.

Tikamugwira gulugufeyu m'dzinja ndi kuyang'ana kunsi kwa mapiko ake, tiona madontho aakulu ozungulira onga maso, ofika cha kumphepete. Koma tikagwira wina m'mwezi wa Julayi, madontho aja achepa mpaka kutsala pang'ono kuzimirira, ndipo mapiko angofanana ndi tsamba louma. Munthu angaganize kuti ndi mitundu iŵiri, chonsecho ndi mtundu umodzi, mwina gogo ndi mdzukulu wake.

Kodi kusiyanaku kuli ndi phindu lanji? M'dzinja msipu ngwambiri, ndipo mbozi za gulugufeyu zimadya udzu. Motero iye amakhala pakalikiliki kufuna mnzake ndi kuikira mazira, osapeza mpata wobisala. Apa maso onama aja ndiwo amamuthandiza. Mdani monga chiswamphika amalumphira dontho lija poyesa kuti ndi mutu, nangotsala ndi kachidutswa ka phiko, mwini wake atathaŵa. M'chilimwe zinthu zimatembenuka. Udzu wauma, mazira sangaikiridwe, ndipo chofunika nkungokhala ndi moyo kufikira mvula ya Novembala. Gulugufe amakhala duu pakati pa masamba ogwa, pamene dontho loŵala likadangomuonetsa kwa mbalame. Wa nyengo imeneyi amasunga mafuta m'thupi, amachedwa kubereka, ndipo amatha kukhala miyezi ingapo.

Nanga amadziŵa bwanji chovala choyenera, popeza mapiko akatha kupangika sasinthanso? Yankho lili pa kutentha kumene mbozi imakumana nako ikatsala pang'ono kuloŵa m'chikwa. Ofufuza akaŵeta mbozi pa madigiri 27 amapeza agulugufe a maso aakulu. Akaziŵeta pa madigiri 19 amapeza ofanana ndi tsamba louma, ngakhale zonse zili za mayi mmodzi. Kutenthako kumasintha nthaŵi ndi kuchuluka kwa timadzi ta m'thupi timene timalamulira kakulidwe ka mapiko. Kuno kwathu kuzizira kwa Epulo ndi Meyi kumabwera pamene mvula ikutha, choncho mbozi ikamva kuzizira, yamva uthenga woona wakuti chilimwe chayandikira. Ngakhale khalidwe limasintha: m'chaka cha 2011 ofufuza analengeza kuti mwa agulugufe okulira mozizira, aakazi ndiwo amafunsira aamuna kaŵirikaŵiri.

Tsono apa pali chotidetsa nkhaŵa. Nzeru yonseyi yatsamira pa kusaphonya kwa nyengo. Ngati dziko likutentha, ndipo mvula ileka pamene kunja kukali kofunda, mbozi idzanyengedwa. Idzatuluka ndi maso aakulu m'tchire louma, yokonzeka kuikira mazira popanda msipu. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2018 anapeza kuti agulugufe aja ochokera ku Nkhata Bay sasiyana kwenikweni pa kamvedwe kawo ka uthenga wa kutentha, ndiye kuti mtundu wao ungavutike kuzoloŵera msanga nyengo zatsopano. Ife alimi tikudziŵa kuŵaŵa kwake kobzala ndi mvula yoyamba kenaka mbewu nkupserera.

Makolo ndi achinyamata, tiyeni tichiyese tokha. Tiike nthochi yakupsa kwambiri pamthunzi m'mwezi wa Febuluwale, tibwerezenso m'mwezi wa Julayi, ndi kupenyetsetsa kunsi kwa mapiko a alendo amene adzatera pomwepo. Ndipo tisanayatse moto m'tchire chilimwe chino, tikumbukire kuti pakati pa masamba oumawo pali ena amene akudikira mvula monga ife.