Mawu a ku Chifunde angafike bwanji kwa ana ake ali kutali?

Mlongoti wa wailesi ya FM uli ndi polekezera. Mafunde ake amayenda molunjika, akakumana ndi phiri amafooka, ndipo m'boma la Chifunde, kumpoto kwa chigawo cha Tete, mapiri ndi zigwa si zosowa. Mnyamata akachoka ku Mualadzi kukafuna ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize, kapena akatsetsereka mpaka ku Johannesburg, uthenga wa maliro, mitengo ya fodya ndi nyimbo za kwawo zimatsalira m'mbuyo. Ngakhale abale a tsidya lina la chipata cha Cassacatiza, kumene msewu wochokera ku Tete umalowa m'dziko la Zambia kulunjika ku Katete, amalankhula Chichewa chomwechi ndipo amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi mmodzimodziyo ku Mkaika, koma mlongoti sudziwa chibale.

Njira yodutsa malirewa ilipo kale, ndipo pulogalamu yake ndi yaulere. Dzina lake ndi Icecast. Anayiyambitsa ndi Jack Moffitt ndi Barath Raghavan chakumapeto kwa 1998, pa nthawi imene pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi inali SHOUTcast ya kampani ya Nullsoft, imene m'kati mwake munali mobisika. Iwo anafuna pulogalamu imene aliyense angayitenge, kuona mmene inalembedwera, kuikonza ndi kugawirako anzake popanda kupempha kwa mwini. Lero imasamalidwa ndi bungwe la Xiph.Org Foundation.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kukamva. Mawu a muulutsi amachoka pa makina osakanizira mawu m'situdiyo nkulowa m'kompyuta. M'menemo kapulogalamu kena kaulere, monga BUTT kapena Mixxx, kamawafinya kuti achepe, kenaka nkuwatumiza pa intaneti kupita ku kompyuta ina imene siizima usana ndi usiku, yotchedwa seva. Pa sevayo ndi pamene pamakhala Icecast. Ntchito yake ndi kulandira mawu kuchokera ku situdiyo nkuwagawira aliyense amene watsegula adiresi ya wailesiyo pa foni yake, kaya ali ku Furancungo, ku Chipata kapena ku Lisbon. Mawuwo amafika mochedwerako ndi masekondi angapo, chifukwa foni imayamba yasunga pang'ono kuti netiweki ikagwedezeka nyimbo isadukeduke.

Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti seva iyenera kukhala m'situdiyo momwemo. Ayi ndithu. Kumudzi kumangofunika kutumiza mawu njira imodzi yokha, ndipo netiweki ya foni ya Movitel kapena Vodacom ikhoza kukwanitsa ngati ikugwira bwino. Seva ndi yochita lendi mwezi ndi mwezi kumene magetsi ndi intaneti sizivuta. Chifukwa chake ndi ichi: FM ili ngati mvula, imene imagwera munda umodzi kapena minda chikwi popanda kusiyanitsa, pamene wailesi ya pa intaneti ili ngati pa mjigo, aliyense amafika ndi ndowa yake ndipo wina ayenera kupopa. Omvera akachuluka, katundu wa seva amachulukanso. Anthu 100 akamamvera nthawi imodzi pa liwiro la makilobiti 64 pa sekondi, seva imatulutsa mamegabiti 6.4 pa sekondi iliyonse. Kamodemu ka m'situdiyo ya kumudzi sikangasenze zimenezo tsiku lonse.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mamega a womvera, chifukwa ndi iye amene amalipira kuchokera m'thumba mwake. Wailesi yotumiza mawu pa makilobiti 128 imadya mamega pafupifupi 58 pa ola limodzi. Ikatsitsa kufika pa 32, ola lomwelo limadya mamega 14 ndi pang'ono. Kwa mayi wogulitsa tomato mu mzinda wa Tete, amene amagula mamega a tsiku limodzi ndi timakobiri totsala, kusiyana kumeneku ndiko kumagamula ngati amvera pulogalamu yonse ya zaumoyo kapena azimitsa pakati. Ena amaopa kuti akatsitsa chonchi mawu azimveka ngati a m'chitini. Zinalidi choncho ndi MP3, koma njira yofinyira mawu yotchedwa Opus, imene inavomerezedwa mu 2012 ndipo nayonso ndi yaulere, imamveketsa bwino mawu a munthu wolankhula ngakhale pa 32. Icecast imatha kunyamula zonse ziwiri nthawi imodzi, motero wailesi yanzeru imaika khomo la MP3 la mafoni akale ndi khomo lopepuka la Opus la osunga mamega. Kusankha 128 chifukwa choti ndi mmene amachitira a ku Ulaya ndi kutsekera kunja anthu omwe wailesiyo inakhazikitsidwira.

Ndiye pali magetsi. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechi ndipo mphamvu yake yambiri imapita ku South Africa, koma midzi yochuluka ya ku Tete imadalira sola ndi mabatire. Magetsi akathima m'situdiyo, kapena netiweki ikagwa, mawu amasiya kufika ku seva. Icecast ili ndi pothawira: woyang'anira akhoza kuikonza kuti situdiyo ikakhala chete, omvera asamutsidwire okha ku mawu ojambulidwa kale, ndipo muulutsi akabwerera nawonso abwerere. M'nyengo ya dzinja, pamene kolera ndi malungo zimavuta, malo amenewo akhoza kudzazidwa ndi uthenga wa achipatala wonena za kuthira klorini m'madzi, kugona m'neti ndi kuthamangira ku chipatala mwana akatentha thupi. Mapulogalamu monga Liquidsoap ndi AzuraCast amathandiza kundandalika zojambulidwazo kuti zizisewera zokha pa nthawi yake.

Wailesi zambiri za m'madera ku Mozambique zili m'manja mwa Instituto de Comunicação Social, zina zili m'bungwe la FORCOM, ndipo zambiri zimayenda ndi achinyamata ongodzipereka komanso ndalama zochepa. Kwa iwo pulogalamu yopanda chiphaso chogula ndi mpumulo weniweni. Komabe ulere wa pulogalamu sutanthauza ulere wa ntchito yonse. Lendi ya seva iyenera kulipidwa, mamega a situdiyo ayenera kugulidwa, ndipo payenera kukhala munthu wodziwa kutsegula fayilo ya makonzedwe ndi kusintha mawu achinsinsi amene pulogalamuyo imabwera nawo, apo ayi mlendo aliyense akhoza kulowa nkuyamba kuulutsa zake pa dzina la wailesiyo. Malangizo ake ambiri ali m'Chingerezi, pamene mnyamata wa ku Chifunde anaphunzira m'Chipwitikizi. Munthu mmodzi wophunzitsidwayo akapeza ntchito m'tauni, zonse zimaima. Nchifukwa chake ndi bwino kuphunzitsa awiri kapena atatu, ndi kulemba ndondomeko yonse m'kope losungidwa m'situdiyo.

Mlongoti wa FM usagwetsedwe. Agogo a kumudzi adzamverabe pa kawailesi ka mabatire popanda kulipira kanthu, ndipo intaneti siingawachitire zimenezo. Kuwonjezera kwake ndi chingwe chimodzi chochokera pa makina osakanizira mawu kupita ku kompyuta yakale yoikidwa Linux, ngakhale kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kamene batire ya sola imakayendetsa usiku wonse. Adiresi ya wailesiyo ikatumizidwa pa gulu la WhatsApp la anthu a kumudzi okhala kunja, wina wa ku Moatize adzamva yekha kuti mfumu yaitanitsa msonkhano Loweruka, asanamuimbire foni aliyense.