GALIMOTO YA BUNGWE YADZUKA: Mbiri ya Land Rover imene tinaisandutsa pikapu

A Mlembi atipempha kuti tilembe m'kalata ino mbiri ya galimoto ya bungwe, pakuti ambiri a inu munasonkha ndalama koma simunaone ndi maso m'mene nchito inayendera. Nkoyenera kuti wosonkha adziwe kumene kunapita thukuta lace. Cotero tilongosola zonse mwa dongosolo, kuyambira cifukwa cace kufikira mirandu imene yatsala kuti muiweruze inu eni pa msonkhano.

CIFUKWA CACE

Makolo athu anafika m'dziko lino pa malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, ena anayenda pansi kudzera ku Tete. Ife ana ao ambiri tiribe mudzi kuno wakuti nkukaikako maliro. Manda athu ali pa mapulazi pomwe. Kale munthu akamwalira ku cipatala, mwini pulazi anali kutulutsa lole kapena thirakitala ndi ngolo yace, ndipo mtembo unali kufika pa komboni dzuwa lisanalowe. Kuyambira caka ca 2000, pamene mapulazi anayamba kugawidwa, thandizo lija linatha m'malo ambiri. Tsopano tifuna galimoto ya hayala, ndipo mwini galimoto akamva kuti ndi maliro, mtengo ukwera. Nyengo ya dzinja ndiye bvuto lenileni. Oyendetsa ambiri akana kusiya mseu wa tala, natsitsa bokosi pa mphambano, ndipo adzukulu alisenza pa mapewa m'matope mtunda wonse wotsala, amai ali kulira pambuyo. Nonse munaziona izi. Ndico cifukwa bungwe linapangana kuti tikhale ndi galimoto yathuyathu, yosaopa matope.

GALIMOTO IMENE TINAPEZA

Ndalama za m'thumba la bungwe sizikadakwana kugula galimoto yoyenda. Tinapeza Land Rover yakufa kuseri kwa shedi ya fodya pa pulazi lina, matayala ataphwa, denga litaphwanyika mbali imodzi, nkhuku ziri kuikira mazira pa mpando. Mwini wace anabvomera kutigulitsa pamodzi ndi buku lace, ndipo tinaikoka ndi thirakitala kufikira pansi pa mtengo wa mango pa nyumba yathu. Amai ena ataiona anaseka nati, "Bungwe la maliro lagula maliro." Ife sitinakwiye, pakuti inaonekadi comweco.

Koma tinaisankha modziwa. Galimoto za mtundu uwu zinayamba kupangidwa ku Solihull, m'dziko la England, caka ca 1948. Nthawi imeneyo nkhondo yaikulu inali itangotha ndipo citsulo cinali cosowa, cotero anapanga thupi la galimoto ndi aluminiyamu, amene sagwira dzimbiri ngati malata. Yathuyi ndi ya mbadwo wacitatu, wochedwa Series III, umene unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Ndi yaitali ija ya mainchesi 109, ndiwo muyeso wocokera pa gudumu lakutsogolo kufika pa lakumbuyo. Ubwino wace wina ndi uwu: pafupifupi ciri conse cinamangidwa ndi mabauti. Denga, zitseko ndi mapiko zonse zimasuka ndi sipanala, ndipo munthu wodziwa thirakitala sasocera m'kati mwace.

KUPHWASULA

Nchito tinali kuigwira Loweruka masana ndi Lamulungu titaweruka ku mapemphero. Tinali anthu anai okhazikika: ife, woyendetsa thirakitala wa pa pulazi lathu, mmisiri wa matabwa amene amatikhomera mabokosi, ndi mnyamata, mwana wa membala, amene anaphunzira kuocherera zitsulo ku Magaba, ku Mbare. Ena anali kubwera monga anapezera mpata.

Poyamba tinacotsa denga, zitseko zonse 5 ndi thupi lakumbuyo. Mabauti a malo ali onse tinawaika m'citini cace-cace ndi kulembapo dzina, cifukwa bauti yosocera lero idzakugoneka ndi njala miyezi itatu ikudzayo. Injini ndi giyabokosi tinazikweza ndi cheni pa mitengo itatu ya bulugamu yomangidwa pamwamba ngati mafuwa ataliatali. Potsiriza panatsala chassis yokha, ndiwo msana wa galimoto.

Apa ndipo pagona moyo wa Land Rover. Thupi silibvunda, koma msana ndi wacitsulo cobooka m'kati, ndipo matope akalowamo asunga madzi nadya citsulo kuyambira m'kati. Kunja penti aoneka wabwino, pamene m'kati mwatha. Muyeso wace ndi nyundo. Tinagogoda msana wonse pang'ono pang'ono: pamene panalira kuti ngwe panali pamoyo, pamene panalira kuti phu tinazunguliza ndi coko. Tinapeza kuti mtanda wakumbuyo unatheratu, ndi mikono iwiri yonyamula thupi. Khoma lacitsulo la pakati pa injini ndi woyendetsa linali litabooka popondera mapazi, mwakuti munthu akadaona mseu pansi pace.

Mnyamata uja anadula zobvunda zonse naika citsulo catsopano. Asanayatse moto tinacotsa thanki ya petulo ndi kuiika kutali, cifukwa thanki yopanda kanthu ndiyo iphulika koposa yodzaza. Pocotsa mtanda tinakoka cingwe mopingasa, kucokera ngondya iyi kufika ngondya iyo, mbali zonse ziwiri, kuti miyeso ifanane. Msana ukapotoka galimoto iyenda cammbali ngati nkhanu ndi kudya matayala. Cinthu cimodzi sitinakhudze konse: nambala ya chassis, imene inadindidwa kutsogolo ku dzanja lamanja, pogwira sipuling'i. Nambala imeneyo ndiyo citupa ca galimoto. Ikafafanizika, apolisi ali ndi cifukwa coyesa kuti galimoto njakuba. Titatha tinapaka penti wofiira woletsa dzimbiri, wakuda pamwamba pace, ndi kuthira oilo wakale m'kati mwa msana.

INJINI NDI MABULEKI

Injini yace ndi ya petulo, ya masilinda 4, ukulu wace 2286 cc. Inali itagwira cifukwa cokhala zaka osalira. Tinathira dizilo m'mabowo a mapulagi ndi kuisiya masabata awiri, ndipo tsiku lina inabvomera kutembenuka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mutu wa injini tinautumiza ku Harare kuti akaupale, cifukwa imeneyo si nchito ya pansi pa mtengo. Maring'i, magasketi ndi mabering'i tinagula mu Kaguvi Street, ndipo a Msungicuma ali ndi marisiti onse. Mpata wa mavalavu ndi 0.010 ya inchi, injini ikhale yotentha kapena yozizira, ndipo moto uyenda m'masilinda motere: 1, 3, 4, 2. Talemba manambala awa pano kuti asafe pamodzi ndi ife.

Ekiselo yakumbuyo tinaipeza yamoyo. Ndi ya mtundu wolimba wochedwa Salisbury. Akulu ena anayesa kuti inapangidwa mu mzinda wathu uja umene unasanduka Harare mu 1982, koma iai, dzinalo ndi la kampani imene inali kupanga maekiselo ku England.

Pa mabuleki tinakana zakale zonse, ngakhale ena anati tipulumutse ndalama. Mapaipi, malabala ndi nsapato za mabuleki zonse nzatsopano. Galimoto ya mainchesi 109 iri ndi masilinda awiri a buleki pa gudumu liri lonse lakutsogolo, ndipo mpweya ubisala m'menemo. Tinapopa tsiku lathunthu kuti utuluke. Sitifuna kuti tipite kukatenga maliro amodzi ndi kubwerako ndi asanu.

KUMANGA PIKAPU

Galimoto ya zitseko 5 iribe khoma kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa. Tinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale denga lalifupi la pikapu pamodzi ndi khoma lace, ndipo zinakhala pa malo ace ndi mabauti.

Pa za kumbuyo ndipo panali mtsutso. Thupi la pikapu locokera ku fakitale ndi lalitali ngati mapazi 6 okha. Mmisiri wa matabwa anabwera ndi tepi yace natikumbutsa kuti bokosi la munthu wamtali lipitirira pamenepo, ndipo jeneza la abale athu Asilamu, ndi mitengo yace yogwirira, lipitirira koposa. Kuyenda ndi citseko cakumbuyo cotsegula, mapazi a malemu ali panja pa pfumbi, ndi manyazi amene bungwe silingalole. Ena anati tidule msana ndi kuutalikitsa. Tinakana, cifukwa msana wolumikiza uthyoka pa mabampu, ndiponso oyesa magalimoto angathe kuukana. Tinapangana kumanga thandala lathu la mapazi 7 ndi theka, lopitirira msana pang'ono kumbuyo.

Mafupa a thandala ndi acitsulo, pansi pace matabwa a bulugamu ouma bwino. Thandala silinaocheredwe ku msana, linamangidwa ndi mabauti, kuti tsiku lofuna kukonza licoke. Pali ponse pamene citsulo cikhudza aluminiyamu tinaika labala la chubu cakale pakati, cifukwa zitsulo ziwirizi zikagundana pali cinyezi, aluminiyamu asanduka ufa woyera. Thanki ya galimoto iyi ikhala kumbuyo pansi, cotero tinatulutsa khosi lothirira petulo pambali pa thandala.

Pakati tinaika mapaipi awiri ogubuduzika kuti bokosi lilowe mosakoka, ndi malamba atatu olimangira. M'mbali muli mabenci awiri opapatiza a operekeza. Pamwamba pali mipiringidzo yopinda ndi lona lotsika mbali zonse, kuti mvula ndi dzuwa zisafike pa malemu. Amai a bungwe anapala penti yense wakale ndi sandipepa, natiphikira thobwa masiku onse a nchito, ndiponso anasoka nsaru yoyala pansi pa bokosi. Mutu umodzi susenza denga. Penti tinasankha wobiriwira.

ZA BOMA

Galimoto yosintha maonekedwe iyenera kudziwika ku boma. Tinapita nayo kwa apolisi kuti aone manambala a injini ndi chassis. Tinapita ku VID kuti akayese mabuleki, nyali ndi ciongolero, ndipo inapambana. Buku lace linasinthidwa ku CVR, ndipo laisensi ya ZINARA ndi inshuwalansi zinalipidwa. Kumbukirani kuti galimoto siicotsa lamulo la cikalata coikira maliro. Abale a malemu ayambe atenga cikalataco, ndipo woyendetsa asanyamule mtembo popanda ico.

MALANGIZO KWA OYENDETSA

Pambali pa giya pali ndodo ziwiri. Ya mutu wacikasu mukaikanikiza pansi, magudumu onse 4 akoka. Ya mutu wofiira mukaikokera kumbuyo, galimoto itaima, ipeza mphamvu ya m'matope ndi pa zitunda, koma iyenda pang'onopang'ono. Mukafika pa tala imani, kokerani yofiira kumbuyo ndi kuibwezera kutsogolo, ndipo yacikasu idzatumphuka yokha. Kuyenda pa tala magudumu onse ali kukoka kupotokola zitsulo za m'kati kufikira zithyoke. Oilo wa giyabokosi, wa maekiselo ndi wa m'mabondo a magudumu akutsogolo ndi EP90. Muyang'aneni mwezi uli wonse, pakuti Land Rover yosadontha oilo ndiye kuti oilo watha.

Galimotoyi imwa kwambiri. Pa muyeso wathu lita imodzi iyenda makilomita 6, m'matope osafika. Katundu wace safika tani imodzi, cotero anthu a m'mudzi wonse sangakwere. Ulendo wa ku Malawi, wodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, si wace. Umenewo ufuna makalata ena ndi galimoto zina. Nchito yace ndi ya pakati pa zipatala za ku Banket ndi ku Chinhoyi ndi manda athu. Yanyamula kale maliro awiri, amodzi mvula iri kugwa, ndipo onse anafika pa khomo la siwa osatsitsidwa pa njira.

MIRANDU YOTSALA

Pali zinthu zitatu zimene komiti siingamange yokha.

Coyamba, ena afuna kuti masiku opanda maliro galimoto izinyamula cimanga ndi fodya pa hayala, ndalama zilowe m'thumba. Ife tiopa kuti imfa siipangana tsiku. Uthenga udzafika galimoto iri kutali, kapena itathyoka sipuling'i ndi matumba a munthu wina.

Caciwiri, ena apempha kuti izinyamula odwala ndi amai apakati usiku. Ena akuti wodwala sangagone pogona mitembo. Ife tikuti kuthamangitsa munthu wamoyo ku cipatala ndi nchito yoposa kukamtenga atafa, ndipo ndico cifukwa sitinaipake penti wakuda. Koma mau otsiriza ndi anu.

Cacitatu, matayala, oilo, laisensi ndi inshuwalansi zifuna ndalama caka ndi caka, maliro akhalepo kapena asakhalepo. Walira mvula walira matope. Tiyenera kupangana ngati tionjeza pa copereka ca mwezi, kapena tikhala ndi thumba lapadera la galimoto. Tikapanda kutero, zaka ziwiri zisanathe idzagonanso pa miyala.

Pa zimene tagwirizana kale palibe kubwerera: woyendetsa akhale wa laisensi, asalawe mowa kufikira galimoto itabwerera, ndipo makiyi akhale kwa a Wapampando. Galimoto idzanyamula membala ali yense mofanana, wa mpingo, Msilamu kapena wa ku dambwe, monga bungwe licitira ndi bokosi ndi ufa.

Bwerani nonse ku msonkhano wa mwezi uno ndi makadi anu. A Msungicuma adzawerenga ndalama zonse zimene zinalowa ndi kutuluka, ndipo galimoto idzakhala panja kuti ali yense aione ndi kufunsa cimene afuna. Amene muli kutali tumizani mau anu kwa a Mlembi tsikulo lisanafike.

Tsalani bwino.

Ndife anu m'nchito ya bungwe,
Kapitao wa pa pulazi, m'malo mwa onse amene anagwira sipanala.