NCHITO YOKONZA ZITHUNZI ZA ZOBVALA IKUYEMBEKEZA ACINYAMATA A KU MAMBWE

Anyamata ndi atsikana ambiri a m'boma la Mambwe akatsiriza sukulu amaganiza za nchito ziwiri zokha: kulima thonje kapena kutumikira alendo obwera kudzaona nyama ku South Luangwa, nkhalango imene Boma linaikhazika kukhala paki mu 1972. Komatu m'cigwa comweci muli nchito ina imene owerengeka okha amaidziwa, ndiyo yokonza zithunzi za nsalu, zobvala ndi mikanda kuti ziyenere kuonetsedwa kwa ogula.

Ku Mfuwe, kampani ya Tribal Textiles yakhala ikupanga nsalu zopenta ndi manja kuyambira mu 1991. Amisiri amalemba maluwa pansalu ndi phala la fulawa, naiyanika padzuwa. Kenaka amapaka utoto, naiwamba m'ng'anjo, ndipo pomaliza amacapa phala lija. Komweko kulinso Mulberry Mongoose, kumene amayi amapanga zibangiri ndi ndolo ndi waya wa makhwekhwe amene alonda a nyama amazula m'thengo. Wogula wa ku London kapena ku Johannesburg sakhudza katunduyu ndi dzanja. Cimene amaona ndi cithunzi pa intaneti basi, ndipo cithunzico cikakhala coipa ndalama sizifika kumudzi.

Apa ndipo pagona nchito ya wokonza zithunzi. Wojambula akamaliza ndi kamera, cithunzi cimapita pa kompyuta. Wokonzayo amacotsa fumbi, ulusi wolendewera ndi makwinya a nsalu, amafewetsa mthunzi umene dzuwa lowawa la m'cigwa limaika pankhope, ndipo amalinganiza mtundu wa m'cithunzi ndi mtundu weniweni wa nsaluyo. Mfundo yotsirizayi njofunika koposa, pakuti nsalu yofiira ikaoneka yacikasu, wogula adzaibweza ndi mkwiyo.

Luso limeneli silacilendo kwenikweni. Makolo amakumbukira ojambula a m'masitudiyo akale amene anali kukonza zithunzi ndi pensulo ndi kaburashi. Pulogalamu ya Photoshop itatuluka mu 1990, nchito yonse inasamukira pa kompyuta. Pulogalamuyi njolipira, koma ina yochedwa GIMP njaulere, ndipo woyamba kumene angaphunzirirepo.

Wofuna kuyamba asathamangire kugula kamera yodula. Ayambe ndi foni, ajambule citenje ca amayi ake kapena malaya a telala wa pamsika m'mawa dzuwa lisanakule, nakonze zithunzizo tsiku ndi tsiku. Asunge cithunzi cosakonza pambali pa cokonza, pakuti umenewo ndiwo umboni umene olemba nchito amafuna kuona. Mtengo apangane nchito isanayambe, ndipo munthu wojambulidwa ayambe wabvomera cithunzi cake cisanaulutsidwe. Mabvuto alipo ndithu: magetsi amazimazima, ndipo kutumiza zithunzi zikuluzikulu kumadya ndalama. Koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Cenjezo lalikulu likhudza khungu ndi thupi la munthu. Okonza zithunzi ena amayeretsa khungu lakuda ndi kucepetsa ciuno kufikira mwini wake sadzizindikira. Atsikana akaona zotere amayamba kudzinyoza, ndipo ena amagula mafuta oyeretsa khungu amene amaononga thupi. Cifukwa ca bvuto la kusintha matupi, dziko la France linalamula mu 2017 kuti cithunzi ca malonda cimene thupi la wobvala lacepetsedwa kapena kukulitsidwa cilembedwe poyera kuti ncokonzedwa. Mmisiri wabwino amacotsa cipsera ca tsiku limodzi, koma maonekedwe amene munthu anabadwa nao amawasiya.

Motero makolo asafulumire kudzudzula mwana amene amakhalitsa pa zithunzi. Amufunse kaye cimene akuphunzira, ndipo akapeza kuti ndi luso, amuthandize kulipititsa patsogolo.